Kukonza mlatho wakale wachitsulo kuti anthu aziyendapo: penti ibwere pomaliza

Mlatho wachitsulo ukasiyidwa chifukwa magalimoto kapena sitima zapeza njira ina, akuluakulu amakonda kuganiza zinthu ziwiri. Ena amati ugwetsedwe, zitsulo zigulitsidwe pa sikelo. Ena amati aupake penti, ayale matabwa, aitane nduna idzadule riboni. Ine ntchito yanga ndi ya zitsulo, kudula, kuwongola ndi kuwotcherera, ndipo ganizo lachiwirili limandiopsa kuposa loyamba.

Ku Morbi, m'chigawo cha Gujarat ku India, mlatho wolenjekeka wa m'zaka za m'ma 1800 unagwera mumtsinje wa Machchhu pa 30 Okutobala 2022, patangopita masiku ochepa chiutsegulire atati aukonza. Anthu oposa 130 anafa. Okonzawo anachotsa matabwa oyendapo n'kuikapo aluminiyamu, mlatho n'kumaoneka watsopano, koma zingwe zachitsulo zomwe zinkaunyamula, zodyeka ndi dzimbiri, anazisiya momwemo.

Kumbali inayo kuli mlatho wa Walnut Street mumzinda wa Chattanooga, ku Tennessee m'dziko la America. Unatsegulidwa mu 1891, ndi wautali mamita oposa 700, ndipo unanyamula ngolo zamahatchi kenako magalimoto mpaka 1978 pomwe anautseka. Panali maganizo ougwetsa, koma anthu amumzindamo anakana, anasonkha ndalama, ndipo mu 1993 unatsegulidwanso kwa oyenda pansi. Kuchokera 1978 kufika 1993 ndi zaka 15. Wina akakuuzani kuti ntchito yotere itha miyezi itatu, mufunseni kuti wayang'ana pati.

Zimene ndikulembazi ndi za mlatho wa zitsulo zolukanalukana zomangidwa ndi mariveti (misomali yonenepa yokhala ndi mutu mbali zonse ziwiri) kapena mapini, wa mamita 20 mpaka 60, womwe khonsolo, mpingo kapena komiti ya m'dera ingaganize zoupulumutsa. Sizikulowa m'malo mwa injiniya. Popanda injiniya wovomerezeka wosaina masamu, mlathowo musautsegule.

Mwini wake ndani, ndipo mapulani ali kuti

Musanagwire nyundo, dziwani mwini mlatho, ndipo zikhale pa pepala. Ngati unali wa njanji, mwini angakhale boma kapena kampani imene ikuyendetsa njanjiyo. Ngati unalembedwa m'kaundula wa zinthu zakale zotetezedwa, simungachotse ngakhale chitsulo chimodzi popanda chilolezo.

Kenako sakani mapulani oyambirira. Yang'anani pa zitsulo zakumapeto, nthawi zambiri pamakhala kachikwangwani ka kampani yomanga ndi chaka. Pa zitsulo zikuluzikulu pamakhalanso dzina la fakitale yosungunula, lotukuka m'mbali. Milatho yambiri ya nthawi ya atsamunda kuno inachokera ku Britain: wa pa Victoria Falls wa 1905 ndi wa Dona Ana wodutsa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara ku Mozambique yonse inamangidwa ndi Cleveland Bridge ya ku Darlington. Kampaniyo inatseka mu 2021, choncho mapepala otere muwafufuze ku malo osungira zakale ndi kumaofesi a njanji. Mukapanda kuwapeza, muyeza nokha chitsulo chimodzichimodzi n'kujambula mapulani atsopano. Ndi ntchito yotopetsa koma palibe podumphira.

Yambani pansi, m'madzi

Anthu akabwera kudzaona mlatho amayang'ana kumwamba. Inu tsikani. Milatho yambiri imene imagwa imagwa chifukwa madzi akumba kunsi kwa maziko, osati chifukwa chitsulo chatopa. Dikirani mwezi wa Okutobala madzi ataphwa, tengani nsungwi yaitali kapena chitsulo, muzibaya kuzungulira mzati uliwonse. Nsungwi ikalowa kunsi kwa konkire, pali phanga. Ikani chingwe chokhala ndi mwala pamzati muone ngati wapendekeka. Funsani okalamba a pamenepo kuti madzi anafika pati chaka chimene anasefukira kwambiri, ndipo yang'anani zinyalala zomwe zinakodwa m'zitsulo, zimanena zoona. Maziko akakhala owonongeka kwambiri, nthawi zina n'zotsika mtengo kunyamula mlatho wonse ndi kireni, kuukhazika pamtunda, kumanga maziko atsopano, kapena kuusamutsira pamtsinje wina waung'ono. Ku Calhoun County, m'chigawo cha Michigan ku America, kuli paki yonse ya milatho yakale yosamutsidwa motero.

Tsatirani madzi

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo ndichedwapo. Chitsulo chimene chili pamtetete, chowombedwa ndi dzuwa ndi mphepo, chimatha zaka 100 chili ndi dzimbiri la pamwamba chabe. Mlatho umafera pomwe madzi amagona: m'zitsulo zapansi zooneka ngati ngalande momwe mwadzaza dothi ndi masamba, pamphambano pomwe zitsulo zingapo zimakumana pa mbale imodzi, pamwamba pa zitsulo zimene pamagona matabwa, ndi kumapeto konse kuwiri pomwe dothi la msewu limakwirira chitsulo. Onjezanipo pomwe pamagona nkhunda ndi mileme, chifukwa zitosi zimasunga chinyezi.

Choyamba sesani ndi kutsuka. Fosholo, bulashi yawaya, mpope wamphamvu. Simungayeze chimene simukuchiona. Ndiye perekani nambala kwa chitsulo chilichonse ndi mphambano iliyonse, kuyambira mbali imodzi, kumtunda kwa mtsinje ndi kumunsi kwake, muzijambula zithunzi nambala ikuoneka.

Tengani nyundo yaing'ono. Riveti imayezedwa motere: chala chimodzi chigwire mutu wake m'mbali, nyundo igogode mbali inayo. Yolimba imalira mokweza ndipo chala sichimva kanthu. Yogwedera imalira mogontha ndipo mumamva kunjenjemera pachala. Ina imadziulula yokha: pansi pa mutu wake pamatsika kamzere kofiira, chizindikiro choti ikusuntha n'kumapera dzimbiri. Ina mutu wake wadyeka, watsala kansonga. Zonsezi zilembeni ndi choko.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri lolowa pakati pa mbale ziwiri zophatikizidwa. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye likamakula limakankha mbalezo. Mukaima m'mbali n'kuyang'ana motsatira mkombero wa chitsulo, mudzaona chikufufuma pakati pa riveti ndi riveti, kutsika pa riveti, kufufumanso. Likakhwima limadula mitu ya mariveti. Penti pamwamba pa malo otere ndi bodza, mkatimo dzimbiri likupitiriza.

Pomwe chitsulo chadyeka, palani mpaka chiwale ndipo muyeze makulidwe otsala. Pali kachipangizo koyezera ndi mafunde a phokoso kamene mumangogunditsa mbali imodzi n'kuwerenga mamilimita. Manambala amenewa ndi amene injiniya adzawerengere, osati a pa mapulani akale.

Ming'alu ndi nkhani ina. Milatho ya mapini ili ndi zitsulo zazitali zaphanthiphanthi zokhala ndi diso kumapeto, pini n'kulowa m'disomo. Zimenezi zimakokedwa, ndipo chimodzi chikaduka pena palibe china cholandira katundu. Mlatho wa Silver Bridge pamtsinje wa Ohio ku America unagwa pa 15 Disembala 1967, anthu 46 anafa, chifukwa cha kamng'alu ka mamilimita ochepa m'diso la chitsulo chimodzi, pamalo osaoneka ndi maso. Choncho maso onse ndi mapini onse ayezedwe ndi katswiri wa zipangizo: mankhwala ofiira olowa m'ming'alu, maginito ndi ufa wachitsulo, ndiponso mafunde a phokoso kwa mapini. Pomwe zitsulo zoterezi zili ziwiriziwiri, gwedezani ndi dzanja. China chikakhala chokungika china chikulendewera, ndiye kuti chimodzi chikusenza katundu wa ziwiri.

Dziwani chitsulo musanabweretse makina owotcherera

Ndine wowotcherera, koma pamlatho wakale makina anga ndimawatsitsa mochedwa. Milatho ya isanafike 1890 yambiri ndi ya wrought iron, chitsulo chofewa chokhala ndi timizere ta zotsalira za m'ng'anjo. Chikathyoka chimaonetsa ulusi ngati nzimbe yotafunidwa, ndipo mukawotcherera pamwamba pake n'kukoka, chimasendeka. Zitsulo zoyambirira za pambuyo pake zina zili ndi sulufule ndi fosiforasi wambiri, zimang'aluka pafupi ndi powotcherera. Zokongoletsa ndi nsapato za kumapeto (zitsulo zimene mlatho umapondera) zina ndi za chitsulo chothira m'chikombole, chimene chimasweka mukachimenya.

Dulani tizidutswa pamalo pomwe injiniya walozera, posanyamula katundu, mutumize ku labotale akayeze zimene zili mkati ndi mphamvu yake. Zotsatira zisanabwere, lamulo ndi limodzi: boolani ndi kumanga, musawotcherere. Ndaonapo zigamba zowotcherera mopingasa pa chitsulo chokokedwa, zoikidwa ndi mmisiri wa mtima wabwino zaka zapitazo, ndipo mng'alu unayambira pamkombero pa chigambacho. Mukapeza zotere, zilowe pamndandanda wa zoyeza.

Anthu si katundu wopepuka

Mudzamva wina akuti, "Pankadutsa malole apa, nanga anthu angavute?" Werengani naye. Malamulo a ku Ulaya amati mlatho wa oyenda pansi uwerengedwe pa makilogalamu pafupifupi 500 pa sikweya mita iliyonse, a ku America pafupifupi 440. Mlatho wa mamita 40 m'litali ndi 3 m'lifupi uli ndi masikweya mita 120. Kuchulukitsa ndi 500 ndi matani 60. Lole imene inkadutsa yokhayokha mwina inali ya matani 10. Tsiku la maliro, la mpira kapena la msonkhano wa ndale, anthu amadzaza mlatho wonse, ndipo kukachitika kanthu mumtsinje onse amathamangira mbali imodzi.

Masamu akakana, njira yosavuta ndi kuchepetsa m'lifupi mwa poyenda poika zotchingira mkati, kapena kupepuza poyendapo. Milatho ya sitima imakhala ndi mphamvu yotsala yambiri. Wa ku Poughkeepsie pamtsinje wa Hudson ku America, wa 1889, womwe unasiyidwa utapsa mu 1974, anauyala zidutswa za konkire zoumbiratu n'kuutsegula kwa anthu mu 2009. Kamlatho ka ngolo sikangapirire zimenezo. Konkire ya masentimita 12 imalemera pafupifupi makilogalamu 290 pa sikweya mita, pomwe thabwa lolimba la masentimita 5 ndi pafupifupi 40.

Koma kupepuka kuli ndi vuto lake, kugwedezeka. Munthu amaponda kawiri pa sekondi, ndipo mlatho ukamanjenjemera pa liwiro lofanana ndi limenelo, kugwedezeka kumakula. Millennium Bridge ya ku London, yatsopano, inatsegulidwa mu Juni 2000 n'kutsekedwa patatha masiku awiri chifukwa inkapita uku ndi uku, ndipo inatsegulidwanso mu 2002 ataika zoziziritsa kugwedezeka. Pamlatho wakale yambani ndi kukunga zitsulo zopingasa za pansi ndi pamwamba, zambiri zimakhala zitamasuka kapena zinabedwa.

Kukonza kwenikweni

Riveti yoipa imachotsedwa podula mutu ndi nyundo ya mpweya n'kuikankha ndi panchi, kapena kuiboola pakati. Moto wa gasi umawononga bowo. Chotsani imodzi, ikani bawuti, mangani, kenako ina. Osachotsa mzere wonse pamphambano imene ikunyamula katundu, pokhapokha injiniya wakonza zochirikiza.

M'malo mwa riveti mungaike bawuti yolimba ya giredi 8.8, ndipo pooneka ndi anthu pali mabawuti a mutu wozungulira ofanana ndi riveti. Ine pamalo ooneka ndimakonda riveti yeniyeni. Pamafunika anthu anayi: wootcha mpaka ifiire mowala, wolandira n'kuilowetsa m'bowo, wotsamira mutu wake ndi chitsulo cholemera, ndi womenya mbali inayo ndi nyundo ya mpweya mpaka pakhale mutu wachiwiri. Zonse zichitike m'masekondi ochepa isanazizire. Ikamazizira imafupika n'kufinya mbalezo, ndipo imadzaza bowo lonse. Amisiri odziwa zimenezi atsala ochepa, koma anyamata ozolowera zitsulo amaphunzira msanga. Kwathu kuno riveti ili ndi ubwino winanso: ilibe nati yoti wakuba amasule usiku.

Dzimbiri la pakati pa mbale likakhala lochepa, tenthetsani pofufumapo pang'ono, ikani kachitsulo kotchinjiriza pamwamba, menyani ndi nyundo ya mpweya. Dzimbiri limafumbutuka n'kumagwa, mbale n'kubwerera. Uzirani ndi kompuresa, thirani mankhwala olowerera, matani mkombero wa pamwamba ndi wa m'mbali, koma wa pansi usiyeni wotsegula kuti madzi olowa apeze potulukira. Likakhala lambiri, masulani mphambano yonse, palani mbale iliyonse, pakani penti yoyamba mkati, mangani. Mbale yodyeka kwambiri idulireni inzake yofanana makulidwe ndi maonekedwe. Chimene chingapulumuke chisiyeni, chifukwa mukasintha zonse mwamanga mlatho watsopano wovala dzina lakale.

Chitsulo chopindika ndi galimoto kapena mtengo wobwera ndi madzi chimawongoledwa ndi moto, potenthetsa mbali yakunja ya kupindikako m'maonekedwe a V n'kuchisiya chizizire chokha. Kutentha kusapitirire madigiri 650. Gwiritsani ntchito choko choyezera kutentha, maso amanama padzuwa. Osathira madzi.

Musaiwale mabering'i, pomwe mlatho umakhala pa maziko. Mbali imodzi ndi yomangika, inayo iyenera kuyenda, chifukwa chitsulo chimatalika kukatentha. Mlatho wa mamita 50, kutentha kukasintha ndi madigiri 30, umatalika mamilimita 18. Timagudumu ta kumapetoko tikamatirira ndi dzimbiri, mlatho umakankha khoma la maziko mpaka kuling'alula. Ukwezeni pang'ono ndi majeki, tsukani ndi kupaka girisi, kapena ikani mphira zokhuthala za masiku ano.

Tsopano penti

Palani penti yakale ndi mpeni pamalo amodzi. Mukapeza yofiirira ngati lalanje pansi penipeni, n'kutheka kwambiri kuti ndi ya mtovu. Iyezetseni. Mtovu umawononga ubongo, makamaka wa ana, ndipo kumunsi kwa mlathowo amayi amachapa, ana amasambira, ng'ombe zimamwa. Phimbani malo ogwirirapo ndi malona pansi ndi m'mbali, fumbi lonse lisonkhanitsidwe m'migolo yotseka. Antchito avale masiki enieni okhala ndi zosefera, osati kansalu. Asambe m'manja asanagwire nsima, ndipo maovolosi asapite kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi zovala za ana. Ayezedwe magazi poyamba ndi pakati pa ntchito.

Popala chitsulo ndi makina owaza timiyala ndi mpweya wamphamvu, musatape mchenga wa mumtsinje ngakhale uli waulere pansi pomwepo. Fumbi lake limaumitsa mapapo, ndipo m'mayiko ambiri n'loletsedwa. Gulani zopalira zovomerezeka. Muyezo wodziwika ndi Sa 2½, chitsulo chotuwa chopanda dzimbiri ndi penti. Chimene mwapala lero chipakidwe lero lomwe, pasanathe maola anayi, apo ayi chiyamba kufiira.

Penti ndi ya magawo atatu: yoyamba yokhala ndi zinki, yapakati ya epoxy, yapamwamba ya polyurethane yopirira dzuwa. Zonse pamodzi zikhuthale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, ndipo pali kachipangizo koyezera. Gawo lililonse likhale la mtundu wosiyana kuti podumphidwa paoneke. Musanapope, munthu ayende ndi bulashi kupaka mutu wa riveti iliyonse, mkombero uliwonse ndi ngodya iliyonse, chifukwa mpope umasiya penti yopyapyala m'malo amenewo ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Pamtsinje mame amachedwa kuuma. Osapaka m'mamawa chitsulo chikadali chozizira, kapena chinyezi cha mumpweya chikaposa 85 pa 100 iliyonse. Mtundu wa pamwamba, ngati n'kotheka, utengeni pa zimene munapeza popala.

Poyenda ndi zotchingira

Thabwa lisagone pachitsulo mwachindunji, ikani kansalu kaphula pakati. Mankhwala oteteza matabwa ku chiswe ambiri ali ndi mkuwa umene umadya chitsulo, choncho mabawuti akhale okutidwa ndi zinki. Siyani mpata wa mamilimita 5 mpaka 8 pakati pa matabwa, ndipo madzi otsika agwere mumtsinje, osati pazitsulo zapansi. M'zitsulo zonga ngalande zija boolani mabowo otulutsira madzi pomwe injiniya walola. Kumapeto chotsani dothi lonse lokhudza chitsulo.

Zotchingira zakale zimakhala zazifupi ndi za mipata ikuluikulu. Musazichotse, ikani zatsopano mkati mwake kapena lukani waya wolimba kumbuyo kwake. Ku America kutalika kwake ndi mita 1.07, ku Britain 1.15, ndipo 1.4 ngati padzadutsa njinga. Mpata usapose masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo pewani zitsulo zogona zimene ana angakwerepo. Zimangeni ndi zopanira kapena m'mabowo akale.

Polowera zikani mizati ya chitsulo yodzaza konkire, yotalikirana mokwanira njinga ya olumala ndi njinga yakapalasa ya katundu, koma osati galimoto kapena ngolo ya ng'ombe. Chikwangwani chokha sichiletsa dalaivala amene wapeza njira yachidule. Za njinga zamoto za kabaza gwirizanani poyambirira, chifukwa zidzabwera ndithu.

Ikaninso chikwangwani cha mbiri, ndipo chinene zonse. Pa Walnut Street gulu la azungu linapha Ed Johnson, munthu wakuda, pomupachika ndi kumuwombera pamlathopo mu 1906, ndipo chikumbutso chake chinaikidwa pafupi ndi mlathowo mu 2021.

Mlatho womwewo anautsekanso mu 2025 kuti aukonze, patatha zaka zopitirira 30 chiutsegulire kwa oyenda pansi. Choncho riboni isanadulidwe, pakhale pepala losainidwa lonena amene adzasesa ndi kutsuka mlatho mvula ikangotha chaka chilichonse, amene adzayendera maziko madzi akasefukira, injiniya amene adzabwera zaka ziwiri zilizonse, ndi thumba limene ndalama zake zidzachokere. Makope a mapulani, manambala a zitsulo, zithunzi ndi dzina la penti asungidwe malo awiri osiyana, ndipo kontirakitala asalandire ndalama yomaliza asanawapereke.